Mzimbe ulibe mlandu pa chiseyeye

Akonzi,

Nkhani yomwe munalemba pokumbukira tsiku la umoyo wa m'kamwa, pa 20 Marichi, ndinaiwerenga mpaka kumapeto, ndipo ndikuthokoza kuti mano nawo anapatsidwako tsamba. Koma nkhani yonse inathera pa shuga: masiwiti, zakumwa zotsekemera, mabisiketi a ana. Zonsezo n'zoona tikamakamba za mano obowoka. Chomwe sichinatchulidwe ndi chiseyeye, matenda a nkhama, amene akugulula mano a anthu akuluakulu ambiri kuno kwathu popanda bowo ngakhale limodzi. Ine ndinagwira ntchito ya mano m'zipatala mpaka kupuma, ndipo panopa ndimakhala ku Dwangwa kuno, komwe dzino lililonse likavuta mlandu umagwera mzimbe. Ndiloleni ndiuchotsereko mzimbewo mlandu umodzi umene si wake.

Munthu wa chiseyeye chokhwima umamudziwa asanakhale n'komwe pampando, chifukwa fungo ndilo limayamba kupereka moni. Ndikukumbukira bambo ena, asodzi ochokera cha ku Chia, amphamvu zawo ndithu, amene anabwera dzino lakutsogolo lam'munsi likugwedera moti lilime lokha linkalikankha. Ndinalowetsa kachitsulo koyezera pakati pa dzino ndi nkhama. Kachitsuloka kali ndi timizere ta mamilimita, ndipo pa munthu wabwinobwino kamalowa milimita 1 mpaka 3 n'kuima. Kwa bambowa kanangomira, timizere tonse kubisika, potulutsa n'kutsatira magazi ndi mafinya. Dzinolo linazuka popanda kulimbana nalo. Nditaliika m'kambale analitola, kulitembenuza uku ndi uku, kenako n'kundiyang'ana.

"Adokotala, dzino labwinobwino ili, lopanda ndi bowo lomwe. Ine shuga sindimudziwa, tiyi ndimamwa wopanda kanthu. Ndiye chalidya n'chiyani?"

Ndinawalozera kumuzu, komwe kunali zokakamira zakuda bii, zouma gwa. Dzinolo silinadyedwe. Chomwe chinatha ndi fupa la nsagwada ndi timinofu tomwe tinkaligwira.

Tizilombo tobowola mano ndi tizilombo ta chiseyeye n'tosiyana, ngakhale pa chakudya. Wobowola mano wodziwika kwambiri, Streptococcus mutans, amadya shuga n'kutulutsa asidi, asidiyo n'kumasungunula dzino. Uyo ndiye wa masiwiti ndi mzimbe. Pa chiseyeye pali gulu lina. Mu 1998 Sigmund Socransky ndi anzake ku Boston, atayeza zokakamira za kunsi kwa nkhama za anthu ambiri, anapeza kuti pomwe nkhama zawonongeka kwambiri pamakonda kupezeka mabakiteriya atatu pamodzi: Porphyromonas gingivalis, Tannerella forsythia ndi Treponema denticola. Amene ndikufuna kukamba ndi woyambayo. P. gingivalis alibe naye ntchito shuga. Mutamupatsa thumba lonse sangakule nalo. Mpweya wa okosijeni sagwirizana nawo, n'chifukwa chake amakhala pansi penipeni m'kathumba ka pakati pa dzino ndi nkhama, komwe mpweya sufika. Chakudya chake ndi mapuloteni, ndipo kumeneko mapuloteni omwe alipo ndi inuyo: nkhama zanu, timadzi totuluka m'nkhamamo, ndi magazi anu.

Puloteni ndi chinthu chachikulu kwa bakiteriya, sangachimeze chathunthu. Ndi unyolo wautali wopindikapindika wa tizidutswa totchedwa ma amino acid, tamitundu 20. Kuti adye ayenera kuuduladula kaye, ndipo chodulira chake ndi enzyme ya mtundu wa protease. Amayi athu ntchito imeneyi amaidziwa bwino: nyama ya mbuzi yokalamba ikalimba amaikulunga m'masamba a papaya, kapena kuponyera kachidutswa ka papaya wosapsa mumphika, nyama n'kufewa. Utomoni wa papaya uli ndi protease yotchedwa papain, imene imadula mapuloteni a nyamayo. P. gingivalis ali ndi zakezake, zotchedwa gingipain, ndipo nyama yomwe zimafewetsa ndi nkhama za munthu wamoyo.

Ma gingipain alipo atatu. RgpA ndi RgpB amadula unyolo pokhapokha pomwe apeza amino acid yotchedwa arginine, pomwe Kgp imadula pa lysine. Wina angaganize kuti kusankha kotereku kumachepetsa zomwe zingadulidwe. Ayi ndithu. Arginine ndi lysine zili pafupifupi m'puloteni iliyonse ya m'thupi la munthu, ndiye chothawa n'chochepa. Atatuwa ndiwo amagwira gawo lalikulu la ntchito yonse yodula ya bakiteriyayu, ndipo ofufuza akamuchotsera majini opangira gingipain, n'kumuika m'mbewa za mu labotale, sawononganso ngati kale.

Maonekedwe a enzyme imeneyi anadziwika mu 1999. Gulu la Wolfram Bode ku Martinsried, dziko la Germany, mogwirizana ndi Jan Potempa wa ku Kraków ndi James Travis wa ku Georgia ku America, linaumitsa RgpB kukhala ma crystal, n'kuwawomba ndi X-ray mpaka kudziwa pomwe atomu iliyonse yakhala. Eni akewo polemba anati chinthucho chikuoneka ngati dzino lokhota la muzu umodzi. Tsiku lomwe ndinawerenga zimenezi pa foni ndinaseka ndekha pakhonde mpaka mayi a kunyumba kutuluka kudzafunsa chomwe chachitika. Chogulula mano chili ndi maonekedwe a dzino!

Unyolo wake ndi wa ma amino acid 435. Mbali ya kumuzu ndi yopindika mofanana ndi zidutswa za ma antibody, mapuloteni a chitetezo cha thupi lathu, ndipo mutu ndiwo umadula. Pamwamba pa mutuwo, potafunira penipeni, pali ma amino acid awiri oyandikana, cysteine ya nambala 244 ndi histidine ya nambala 211. Cysteine ili ndi atomu ya sulfure, imene imalasa polumikizira unyolo wa puloteni ya munthu, histidine n'kumathandizira kuti kudulako kutheke. Papain ya papaya nayo imadulira cysteine ndi histidine, ngakhale kapindidwe kake n'kosiyana ndipo si pachibale. Pambali pa awiriwa pali kabowo kozama. Pansi pa kabowoko pali aspartate ya nambala 163, imene ili ndi mphamvu ya magetsi ya negative, pomwe nsonga ya arginine ndi ya positive. Ndiye arginine ikamadutsa imakokedwa n'kulowa m'kabowomo, unyolo wonse n'kugona ndendende pomwe pali sulfure ija. Kudula kumachitika, zidutswa zimamasuka, enzyme n'kukhala yokonzeka kugwira china. Kabowo ka Kgp ndi ka msinkhu wa lysine. Chithunzi chake chinatuluka mu 2014 kuchokera ku gulu la Xavier Gomis-Rüth ku Barcelona. Pali chinthu china chaching'ono koma chofunika kwa ife ogwira mswachi: sulfure ija ikakumana ndi okosijeni imafooka. Gingipain imagwira bwino ntchito kumalo kosafika mpweya, kutanthauza kuti kathumba ka nkhama kakamazama, enzyme imapeza malo oiyenera.

Mwana wasukulu wochenjera angafunse kuti nanga bwanji chodulirachi sichimudula mwini wake, popeza bakiteriya nayenso ndi wa mapuloteni. Yankho linaoneka pa chithunzi china cha ku Barcelona komweko mu 2013. Enzyme imapangidwa ili ndi chidutswa chowonjezera kutsogolo, ndipo chidutswacho chimalowetsa arginine yakeyake m'kabowo kaja, kutsekeratu. Imayenda chotsekedwa chomwecho mpaka itatuluka kunja kudzera pa khomo lapadera la pa khungu la bakiteriya, apo ndiye chotsekera chimadulidwa n'kutayidwa. Ikatuluka, yambiri imamangiriridwa pa khungu lomwelo. Ina imachoka m'timatuza ting'onoting'ono tomwe bakiteriya amathothola, ndipo timatuzato timalowa m'minofu kufika komwe iye mwini sanafike.

Tsono nkhani ya magazi. P. gingivalis sangakule popanda heme, kachidutswa kokhala ndi ayironi kamene kamafiiritsa magazi, ndipo satha kukapanga yekha. RgpA ndi Kgp zili ndi zidutswa zina zowonjezera zomatira, zimene zimagwira maselo ofiira ndi hemoglobin, puloteni ya m'maselowo yomwe imasunga heme. Rgp (RgpA ndi RgpB zija) imayamba kuifooketsa hemoglobin, Kgp n'kuiduladula, heme n'kumasuka. Bakiteriyayu amatenga yoti adye, yotsala n'kuiunjika pa khungu lake, komwe imamuteteza ku okosijeni. Mu labotale akamufesa pa mbale yokhala ndi magazi, pakapita masiku angapo timilu take timada bii. Amene anachotsedwa Kgp sada. Kuda kwa zokakamira za pa muzu wa dzino la asodzi aja nakonso kunachokera ku magazi omwe ankatuluka m'kathumbamo kwa zaka.

Magaziwo sachita kudikira kuti abwere okha. Rgp imadzutsa mapuloteni ena a m'magazi amene amatulutsa bradykinin, ndipo bradykinin imachititsa timitsempha ta m'nkhama kutayira timadzi kunja. Kgp imadula fibrinogen, puloteni yoti magazi aundane, choncho pomwe pachucha sipauma msanga. Ma gingipain amadulanso mapuloteni omwe amalumikiza maselo a khungu la m'kati mwa nkhama, khungulo n'kukhala ndi tizilonda tosaoneka ndi maso.

Apa ndi pomwe ndikufuna owerenga anu andimvetse, Akonzi. Munthu akaona magazi pa mswachi amaganiza kuti wadzibaya, ndiye amasiya kutsuka mbali imeneyo kuti bala lipole. Ndamva mawu amenewa kwa aphunzitsi, kwa abusa, kwa anamwino omwe. Koma nkhama yabwinobwino siituluka magazi ndi mswachi wofewa. Ikatuluka, ndiye kuti yatupa kale chifukwa cha litsiro lomata la tizilombo lomwe lili m'mphepete mwake. Mukaisiya, litsirolo limakhuthala, mpweya pansi pake umatha, kathumba kamazama, magazi amachuluka, ndipo wodya magazi uja mwamukonzera pogona ndi chakudya chomwe. Pomwe pakutuluka magazi ndi pomwe pakufunika mswachi kwambiri: pang'onopang'ono, tsitsi la mswachi litapendekera kunkhama, m'mawa ndi usiku pogona, osaiwala pakati pa mano ndi mbali ya kulilime. Matenda akakhala oyamba kumene, fupa lisanakhudzidwe, magazi amasiya pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Fupa likapita silibwerera, chomwe chimatheka ndi kuimitsa kuti lisapitirire kutha.

Thupi silingokhala chete, limatumiza asilikali ake. Koma asilikali a thupi amadalira mapuloteni, ndipo mapuloteni ndiye ndiwo za gingipain. Imadula ma antibody. Imadula mapuloteni a m'magazi a gulu lotchedwa complement, monga C3, amene ntchito yake ndi kuika chizindikiro pa kachilombo kuti maselo oyera akadziwe. Imadula mauthenga omwe maselo amatumizirana. Pa C5, puloteni ina ya gulu lomwelo, imachita zochenjera kwambiri: imaidula mwa njira yoti patuluke kachidutswa koitana maselo oyera ambiri, koma maselowo akafika amakhala osokonezeka, otha kutupitsa nkhama koma olephera kupha bwino. Kutupa kosatha kumeneku ndiko kumadzutsa maselo a thupi lomwe amene amagumula fupa. Kunena zoona, fupa la asodzi aja linagumulidwa ndi thupi lawo lomwe. Mu 2011 George Hajishengallis ndi anzake anaonetsa m'mbewa kuti P. gingivalis wochepa zedi, wosafika 0.01 peresenti ya tizilombo tonse ta m'kamwa, anali wokwanira kuti fupa liyambe kutha, koma m'mbewa zoleredwa popanda tizilombo tina tilitonse sanawononge fupa. Yekha sakwanitsa. Amafooketsa chitetezo, tizilombo tina tomwe tinkakhala mwamtendere n'kuchulukana, tonse n'kumadya zoduladula zake. Fungo lija limachokera apa: tizilomboti tikamagaya ma amino acid okhala ndi sulfure timatulutsa mipweya yonunkha monga hydrogen sulphide. Chingamu cha timbewu sichingalithetse.

Popeza kabowo ka enzyme kakudziwika mpaka pa atomu, bwanji osapanga mankhwala oti akatseke? Anayesa, ndipo nkhani yake inayenda kwambiri pa WhatsApp, mwina munaiona. Mu 2019 ofufuza a kampani ya ku America ya Cortexyme, pamodzi ndi Potempa yemwe uja, analemba mu Science Advances kuti apeza gingipain mu ubongo wa anthu omwe anamwalira ndi matenda oiwalaiwala a Alzheimer's. Anapanga mankhwala otseka Kgp, otchedwa atuzaginstat, n'kuwayesa pa odwala 643. Zotsatira za mu Okutobala 2021 zinaonetsa kuti sanakwaniritse zomwe ankayembekezera, ndipo mu Januwale 2022 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linawaimitsa chifukwa cha nkhawa ya chiwindi. Ndiye wina akakutumizirani uthenga woti chiseyeye chimayambitsa misala ya ukalamba, dziwani kuti umboni sunafike pamenepo. Kwa ine nkhani ya ubongo si imene iyenera kutithamangitsa. Agogo amene sangathenso kutafuna chimanga chowotcha kapena usipa wouma, n'kumangodalira phala, akuvutika kale mokwanira.

Mankhwala amene anthu athu amathamangira ndi ena, a pa golosale: Flagyl ndi amoxicillin. Kutupa kumaphwa, ululu umachepa, munthu n'kuti wachira. Pakapita miyezi zimabwereranso, chifukwa tizilomboti timakhala m'litsiro lomatana lomwe mankhwala salilowa bwino, ndipo zokakamira zouma za pa muzu palibe piritsi lomwe lingazichotse. Zimafuna kupalidwa ndi chitsulo. Makala, phulusa ndi mchenga wa kunyanja zimayeretsa pamwamba uku zikupala dzino, koma m'kathumba sizifika. Kamtengo kotafuna ndilibe nako vuto. Nsonga yake ikatafunidwa bwino n'kufewa, ndipo munthu n'kumatsuka m'mphepete mwa nkhama modekha, kamagwira ntchito.

Bungwe la WHO mu lipoti lake la 2022 linati chiseyeye chokhwima chili ndi anthu akuluakulu pafupifupi 19 pa 100 aliwonse padziko lapansi, anthu oposa 1 biliyoni. Pali magulu atatu omwe ndinkawayang'anitsitsa kwambiri pampando paja. Osuta fodya ali pangozi chifukwa fodya amafinya timitsempha ta m'nkhama, ndiye magazi satuluka ngakhale fupa likutha. Amadzadziwa mano atayamba kale kutalikirana. Amayi oyembekezera nkhama zawo zimatupa msanga, ndipo ambiri amangoti ndi za mimba, zitha zokha. Pa amayiwa dziko lathu lili ndi kafukufuku wakewake woti tinyadire: m'zipatala 8 za ku Lilongwe, gulu lotsogozedwa ndi Kjersti Aagaard wa ku Baylor College of Medicine linatsatira amayi oposa 10,000, ena n'kuwapatsa chingamu cha xylitol, chotsekemera cholowa m'malo mwa shuga, choti azitafuna kawiri pa tsiku. Mwa otafuna chingamuwo, 12.6 peresenti anabereka masiku asanakwane, pomwe mwa osatafuna anali 16.5 peresenti. Nkhani yotereyi, yochitikira pakhomo pathu pompano, inali yoyenera kukhala pa tsamba lanu lija. Gulu lachitatu ndi la odwala matenda a shuga. Apa shuga walowa m'nkhani, koma polowera khomo lina: si wa m'kapu wokhudza dzino, ndi wa m'magazi, amene akakwera amafooketsa maselo oyera n'kukulitsa kutupa. Ndipo zimabwezerana, chifukwa nkhama zotupa nazo zimavutitsa kutsitsa shuga. Kafukufuku wa 2022 wa Cochrane, bungwe losanthula zofufuza za umoyo, anapeza kuti kupala ndi kutsuka m'nkhama kumatsitsa muyeso wa shuga wa m'magazi wotchedwa HbA1c ndi pafupifupi 0.4 pakatha miyezi itatu kapena inayi. Amene amayezetsa shuga akudziwa kuti 0.4 si wochepa.

Zinthu zikusintha ndithu. Mu 2019 College of Medicine, imene pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), inayamba kuphunzitsa madokotala a mano kuno kwathu mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa. Ife a ku Malawi College of Health Sciences tinaphunzitsidwa kupala mano, osati kuzula kokha. Koma komwe ndinagwirako ntchito, zitsulo zozulira zinkakhala zambiri kuposa zopalira, mzere panja wautali, ndipo aliyense wofika ankabwera ndi mawu amodzi: "Mungozula basi, ndikagone." Kupala kukamwa konse kumadya nthawi yoti ukanazula anthu angapo, ndiye n'zosadabwitsa kuti kumatsalira. Wodwala akabwera msanga n'kunena yekha kuti nkhama zikutuluka magazi, ndiyezeni ndipo mundipale, wogwira ntchito amakumbuka zomwe anaphunzira. Pempho langa kwa oyendetsa zipatala za m'boma lino ndi la Salima ndi laling'ono, losafuna galimoto kapena nyumba yatsopano. Pa tsiku la kiliniki ya shuga ndi pa sikelo ya amayi oyembekezera, wogwira ntchito ya mano azikhalapo ndi kagalasi ndi kachitsulo koyezera kaja. Kuyang'ana m'kamwa mwa munthu mmodzi kumatenga mphindi zochepa, ndipo amene wapezeka ndi kathumba kozama kupitirira mamilimita 3 azipatsidwa tsiku lodzapalidwa asananyamuke.

Wogwira ntchito ya mano wopuma,
Dwangwa, Nkhotakota